Kuponi Imene Ndinaipeza M'chigafa

"Za m'nyumba mwako uzizivundikira ndi mphika, pamwamba n'kuikapo mwala. Munthu akati wabwera kudzakuona, dziwa kuti wabwera kudzawerenga nkhuku zako." Awa ndi mawu amene malemu azakhali anga anandiuza tsiku limene ndinkalowa m'banja, ndipo ndinawasunga kuposa mmene ndinasungira maphunziro a kalasi ya ubatizo.

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene mukuwerenga nokha, ndi inu amene akukuwerengerani chifukwa maso anatopa. Ine ndine Nachisale wa kufupi ndi Chamama kuno ku Kasungu, gogo wa zidzukulu zisanu. Amene mumandidziwa mwayamba kale kudabwa. Mukuti, Nachisale yemwe uja wa mpanda wautali, amene amalonjera mlendo ataimirira pachipata? Eya, yemweyo! Lero ndavundukula mphika ndekha, chifukwa chimwemwe chandikanika kusunga. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda amene anatsala pang'ono kutilanda mkamwini wanga, matenda opanda chilonda, opanda kutentha thupi, amene ine ndi pakamwa pangapa ndinawatcha ulesi ndi kuba.

Mkamwini wangayo ndi a Mwale, amuna a mwana wanga Lusiya. Anabwera chikamwini, ndipo nyumba yawo ili kuseri kwa nkhokwe yanga. Mwa mwambo wathu ine ndi iwo sitiyang'anizana. Tikakumana panjira iwo amapatukira m'tchire, ine ndimayang'ana kumbali, ndipo mawu athu onse amadutsira mwa Lusiya. Tinakhala chomwecho zaka khumi ndi ziwiri osalankhulana. Koma kusalankhula si kusaona. Ine ndimaona zonse. Ndinkadziwa kuti a Mwale ndi mlimi weniweni wa fodya, ngakhale sindinawayamikirepo. Nyengo ya nazale ikafika, dzuwa lisanatuluke ndinkamva makeni awo awiri akugundana, iwo akutsikira kudambo kukathirira mbande, uku akuimba mluzu wa nyimbo za kwaya. Mluzu umenewo ndiwo unali tambala wanga.

Chaka china, m'nyengo ija imene tinkalandira makuponi a feteleza wotsika mtengo, mluzu unaleka. Patapita masiku makeni nawo analeka kulira. Ndinaona Lusiya akutsikira yekha kudambo, mwana ali kumbuyo, pamene mwamuna wamphamvu zake ali khale pa chitsa kuseri kwa nyumba, maso ali pakhoma. Ku kwaya anasiya. Anzawo a bawo akawaitana, ankangopukusa mutu. Chakudya chinkabwerera chili chomwecho, ndipo lamba anayamba kumuboola mabowo atsopano.

Ndinafunsa Lusiya kuti amuna akowa chawavuta n'chiyani. Anati, "Akuti atopa, amayi." Ine ndinati, "Atopa ndi chiyani munthu wosagwira khasu? Chitsa chimatopetsa?"

Apa ndiulule machimo anga onse, chifukwa umboni wobisa theka si umboni. Poyamba ndinaganiza kuti apeza mkazi wina, ndipo ndinkayang'ana mapazi awo pafumbi m'mawa uliwonse. Mapaziwo ankathera kuchimbudzi basi. Kenako ndinati ndi chamba kapena kachasu, ndipo ndinakanunkhiza malaya awo pachingwe ngati galu. Ankangonunkha sopo. Ndiye ndinati alodzedwa, ndipo ndinayamba kuyang'ana ndi diso lofiira aliyense wodutsa kunja kwa mpanda. Amayi anzanga a kumpingo akandifunsa kuti bwanji a Mwale sakuoneka, ndinkati ali ku nazale. Mwala uja ndinaukankhira bwinobwino pamwamba pa mphika.

Makuponi atabwera, dzina la a Mwale linatuluka. Tinavina ine ndi Lusiya, poti chaka chimenecho ambiri anatsala. Lusiya anawapatsa kuponiyo pamodzi ndi ndalama yowonjezera, ndipo m'mawa wina anakankha njinga kupita kumene ankagulitsa fetelezayo. Anabwera masana, njinga ili yopanda kanthu. Anati mzere unatalika. Sabata yotsatira anapitanso, n'kubweranso chimanjamanja. Nthawi imeneyo mavenda ankazungulira m'midzi kugula makuponi kwa amuna a ludzu. Ine sindinafunenso mboni ina. Ndinati basi, agulitsa, ndipo ndalama adya.

Mvula inagwa. Chimanga chinamera, n'kuyamba kuchita chikasu chisanafike m'chiuno. Fodya wochepa amene tinawokera ine ndi Lusiya tinamulera ndi manyowa a m'khola. Ndikayang'ana zidzukulu zanga, ndikayang'ana munda, mtima unkawira. Ndinanyamuka kupita kwa achimwene anga, amene ndi nkhoswe ya Lusiya, ndipo ndinati mkamwini waulesi ndi wakuba amasonyezedwa njira ya kwawo. Tinapangana kuti tikatha kusoka fodya, Loweruka lake, ankhoswe a mbali zonse adzakhale pansi banja lithe. Lusiya analira, nati, "Amayi, bambo a anawa si munthu woipa, china chake chawagwira." Ndinamuuza kuti akawauze za Lowerukalo. Anabwera ndi yankho lakuti, "Akuti amayi akunena zoona, iwo ndi katundu chabe pakhomo pano." Ine ndinawomba m'manja, ndinati mwamva, avomera okha.

Abale inu, tamverani pemphero limene ndinapemphera sabata imeneyo. Sindinapemphere kuti a Mwale achire, chifukwa sindinkadziwa kuti akudwala. Ndinagwada n'kunena kuti, Ambuye, ndionetseni umboni wa zimene munthuyu anachita ndi kuponi ija, kuti ndikamuchititse manyazi pamaso pa ankhoswe. Pemphero loipa chotero! Koma Mulungu wathu ndi wodabwitsa, analiyankha ndendende mmene ndinalipempherera. Umboni anandionetsa.

Lachitatu tinali m'chigafa kusoka fodya. Manja anatichepera, ndiye ndinalola mayi wina kudzagwira ganyu. Dzina lake timangoti amake Jenala, wochokera ku Phalombe, ndipo iye ndi mwamuna wake ndi matenanti pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. Ine matenanti sindinkawakhulupirira n'komwe. Ndinamukhazika pamene ndingamuone bwino, ndipo singano ndinaziwerenga asanayambe. Pamene ndinkakweza mkangala wa fodya kuti ndiupachike m'mwamba, nsonga yake inakhudza udzu wa denga, ndipo kanagwa kapepala ka shuga kokulungidwa bwino. Ndinakatola msanga kuti mlendo asaone, koma anali ataona kale. Nditakamasula, mayo ine! Kuponi ija, yathunthu, yosang'ambika, ndi ndalama zija zili momwemo zosakhudzidwa. Nthawi yogulira feteleza inali itatha kalekale.

Ndinakhala pansi pafumbi. Wakuba amagulitsa. Chidakwa chimamwera. Nanga uyu ndi munthu wotani, amene ali ndi feteleza m'manja, osagula, osagulitsa, osadya ndalama, n'kungobisa kuti ziwole?

Amake Jenala anaika singano pansi. Anati, "Anganga, mundikhululukire, ine ndine mlendo. Koma masiku atatu ano ndakhala ndikuwaona bambo aja pachitsa. Mmene akhaliramo ndi mmene ankakhalira achimwene anga kwathu." Ndinafunsa kuti achimwene akewo ali kuti tsopano. Anati, "Tinaika m'manda. Nafenso tinkati ndi ulesi." Anandiuzanso kuti iye mwini atabereka Jenala chinthu chomwecho chinamugwira, koma poti abale ake anali ataphunzira ndi maliro aja, anathamanga naye kuchipatala ndipo anathandizidwa. Kenako anati, "Awa ndi matenda, anganga. Koma musanapite kulikonse, kawafunseni. Muwafunse mosazungulira ngati akuganiza zochotsa moyo wawo. Kufunsa sikupatsa munthu maganizowo, kumangomutsegulira pakamwa."

Ndinati, "Iwe uli bwinobwino? Ine ndikalankhule ndi mkamwini? Kwanu kulibe mwambo?" Iye anati, "Mwambo udzakhalapo ndi mawa lomwe, anganga. Kaya iwowo."

Mawu amenewo anandibaya kuposa singano ya fodya. Akuluakulu sananame, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Masana omwewo ndinatenga masamba a fodya ndi singano ziwiri, ndinazungulira kuseri kwa nyumba ya mwana wanga, kumene sindinapondeko chiimangire. A Mwale atandiona anadzambatuka kuti athawe. Ndinayala chitenje kumbuyo kwa chitsa chawo, ndinakhala pansi nditawafulatira, ndipo ndinati, "Khalani, a Mwale." Mawu anga oyamba kwa iwo pa zaka khumi ndi ziwiri anali amenewo. Anakhala. Msana wanga uku, msana wawo uko. Ndinawapatsira singano ndi masamba cham'mbuyo, ndipo tinayamba kusoka osalankhula.

Patapita nthawi ndinati, "Kuponi ija ndaipeza." Singano yawo inaima. Ndinamva kupuma kwawo kukusintha, kenako anayamba kulankhula motsitsa ngati akuuza nthaka. Anati tsiku lija anafika ndithu pamzere, koma ataona chigulu cha anthu ndi phokoso, miyendo inalemera ngati amangirira matumba a mchenga, ndipo m'mutu munangobwera mawu akuti zonsezi n'zachiyani. Anabwerera. Ulendo wachiwiri anathera panjira, anakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa litapendeka. Manyazi ndiwo anawabisitsa kuponiyo. Anati, "Amayi, sindikudziwa chimene chandigwira. Palibe amene wandilakwira. Chakudya sichikoma, tulo sitibwera, ana anga akaseka sindimva kanthu mumtimamu. Kukacha ndimadandaula kuti ndadzukanso."

Ndinakumbukira mawu a mayi uja. Ndinafunsa kuti, "A Mwale, kodi mwakhala mukuganiza zochotsa moyo wanu?" Anati, "Eya, amayi. Ndimadikira Loweruka. Ndimafuna ankhoswe ayambe andichotsa pano, kuti ana asadzaone."

Loweruka limene ndinapangana ine! Tsiku limene ndinalisankha ndi mutu wangawu, ndikudzitama kuti ndine wochenjera, wosapusitsidwa ndi munthu! Abale, ndinalira mopanda mawu, misozi ikugwera pa fodya. Sindinawakalipire, sindinawalalikire. Mzimu wa Mulungu unandigwira lilime, ndipo ndinangoti, "Loweruka kulibe. Pano ndi panu, simukupita kulikonse. Wolakwa ndine, mwana wanga. Mukudwala, ndipo mawa tikupita kuchipatala."

Tsiku lomwelo ndinasonkhanitsa mankhwala onse opopera fodya ndi oteteza chimanga, ndinakawasiya kwa achimwene anga, ndipo ndinawauza kuti mlandu uja wafa. Ndinauza Lusiya kuti amuna ake asakhale okha. M'mawa mwake tinapita ku chipatala chaching'ono cha kwathu kuno, ndipo anatilembera kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu cha ku Boma. Lusiya anatsala ndi ana. Ndinawaperekeza ndine, chifukwa monga mukundidziwa, sindikanakhulupirira munthu wina kuti akandimvere zimene adokotala anene. Mu minibasi malo anali ochepa, ndipo kondakitala anatipanikiza mpando umodzi. Mayi wina wotidziwa anagwira pakamwa, nati, "Anachisale, kodi dziko latha? Mwakhala phewa ndi phewa ndi akamwini?" Ndinati, "Likanatha Loweruka, mayi. Yang'anani kutsogolo."

Ku Boma tinakumana ndi namwino woona za matenda a maganizo. Anacheza ndi a Mwale paokha nthawi yaitali, kenako anandiitana. Anati matendawa ndi a kukhumudwa kwakukulu, ena amati dipuleshoni, ndipo amasiyana ndi chisoni cha masiku awiri chimene tonse timachidziwa. Amakhala masabata ndi miyezi, amalanda munthu mphamvu, tulo, chilakolako cha chakudya ndi chimwemwe, ndipo amamunamiza kuti ndi wopanda ntchito. Nthawi zina amabwera pambuyo pa mavuto, nthawi zina amangobwera popanda chifukwa chooneka. Ine ndinamupanikiza ndi mafunso ngati wapolisi. Si ufiti? Anati ayi. Si kuchepa kwa chikhulupiriro? Anaseka, nati, "Agogo, munthu wodwala shuga mumamuuza kuti alimbe mtima shuga atsike? Pempherani ndithu, koma mankhwala azimwa." Anatichenjeza kuti mankhwalawo sagwira tsiku lomwelo ngati a mutu, amatenga masabata, ndipo asadzawasiye okha ngakhale atayamba kupeza bwino. Anatinso azibwera pa masiku oikika kudzacheza naye, chifukwa kulankhula nako ndi mankhwala, ndipo maganizo oipa aja akabweranso tisadikire tsiku, tithamange.

Musaganize kuti tinabwera kunyumba tikuimba. Masabata atatu anatha a Mwale ali pachitsa pomwe paja. Ine ndinayambanso kukayika, ndinati anamwino aja atipatsa ufa wa chinangwa, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mapiritsiwo m'chimbudzi. Amake Jenala ndiye anandigwira dzanja, nati, "Anganga, mbande mukafesa lero mumawokera mawa?" Mayi ameneyu, amene ndinkamuwerengera singano, anakhala mphunzitsi wanga. Anandiphunzitsa kusiya mawu akuti limbani mtima, mwamuna salira, ena akuvutika kuposa inu. Anati mawu amenewo ndi miyala pamutu pa munthu amene akumira. Anati mungokhala nawo pafupi, muwapatse kantchito kakang'ono, akakagwira muyamike, akalephera musawerenge.

Tinatero. Nthawi yosankha fodya ndinkawaikira masamba ochepa, ndipo tsiku limene anamanga ndindi imodzi yokha, kamtolo ka masamba, ndinaiyamikira ngati amanga belo. Achimwene anga, amene anayenera kubwera kudzawathamangitsa, ankabwera ndi bawo kukhwapa. Masiku ena a Mwale ankasewera, masiku ena ankangoyang'ana, ndipo achimwene ankasewera okha mbali zonse ziwiri n'kumadzinamiza okha. Tsiku lina ndinamva a Mwale akuti, "Malume, mwaba pamenepo." Ndinathamangira m'nyumba kukagwada!

Njala inatipeza ndithu chaka chimenecho, poti chimanga chopanda feteleza sichinama. Pamenepo ndinachita chinthu chimene azakhali anga akanadzuka nacho m'manda. Ndinaimirira pa msonkhano wa amayi Lachinayi, ndipo ndinanena zonse. Ndinkayembekeza kuti aseka. M'malo mwake mayi wina anayamba kulira, nati mwana wake wamkazi ali chimodzimodzi chibwerere ku sukulu. Wina anati amuna ake. Sabata yomweyo malichero a chimanga anayamba kulowa pachipata changa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kukhola la nkhuku. Akulu a mpingo anabwera kudzapemphera, ndipo potsanzika anati, "A Mwale, mapiritsi aja musaiwale."

Tsopano imvani! Nyengo ya nazale itabweranso, m'mawa wina ndili chigonere, ndinamva ngwe, ngwe, ngwe. Ndinati ndikulota. Kenako mluzu! Nyimbo ya kwaya yomwe ija, ikutsikira kudambo! Ndinatuluka chitenje chili m'manja, mpango waiwalika, ndikuliza nthungululu mpaka agalu a mudzi wonse anadzuka. A Mwale atandiona anapatukira m'tchire mwaulemu monga kale, koma ndinawamva akuseka m'menemo, makeni akugwedezeka. Makuponi atabweranso, anaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka madzulo, achimwene anga ali pambali pawo, ndipo anabwera akukankha njinga yolemedwa ndi matumba awiri. Aleluya! Ndithokoza Mulungu amene anatenga pemphero langa lokhota n'kuliwongola. Ndithokoza Lusiya amene anaona zimene ine wa maso akuthwa sindinaone. Ndithokoza namwino uja, ndi mlongo wanga wa ku Phalombe, amene lero amalowa m'nyumba mwanga osaodira.

Sindikunena kuti zonse zinatha. A Mwale amapitabe ku Boma pa masiku awo, ndipo pali masabata ena amene mtambo uja umabwerako. Koma tsopano tikuudziwa dzina, ndipo iwo amanena okha kuti amayi, kwayambanso kuda. Mwambo tinaubwezera pamalo pake, panjira timapatukirana ndithu, koma Lachitatu lililonse ndimayala chitenje kumbuyo kwa chitsa chija, msana uku msana uko, ndipo ndimafunsa kuti mumtima muli bwanji. Kuponi yakale ija ndimayenda nayo m'chikwama cha kutchalitchi, kuti ndikayamba kuweruza munthu ndiziigwira.

Inu amene muli ndi wina pakhomo amene mluzu wake unaleka, musathamangire kwa ankhoswe, musathamangire kunena kuti ulesi. Khalani naye pansi, mumufunse mosaopa, muchotse zoopsa pafupi, mupite naye kuchipatala, ndipo musatope masabata oyamba aja. Ndipo iwe amene uli pachitsa, amene ukuganiza kuti ndiwe katundu, amenewo ndi matenda akulankhula, si iwe ayi. Uza munthu mmodzi lero. A Mwale analola kuti ndilembe zonsezi chifukwa cha iwe.

Chomaliza ndi pempho, ndipo likundivuta kulemba. Namwino uja anandiuza kuti wosamalira wodwala nayenso amatopa, ndipo pamene ankatchula zizindikiro zija ndinakumbukira zaka ziwiri zimene ndinakhala m'nyumba chitsekere amuna anga atamwalira, ndikuuza anthu kuti ndi msana. Sindinauzepo munthu mpaka lero. Ndakalamba, ndipo masiku ena mpanda uja umanditalikira ndekha. Choncho mukamadutsa cha kuno ku Chamama, patukani mudzandione. Musaime pachipata, kankhani, mwala ndinachotsa. Mukandipeza ndili chete, mundifunse kawiri, chifukwa koyamba ndidzanama kuti ndili bwino. Za nkhuku musavutike n'kuwerenga. Zilipo zisanu ndi ziwiri, ndipo imodzi ndi ya mlendo woyamba kufika.